Mzime Atsuka Injini ya Njati

1. Mwana wachitatu

Amayi ake a Mzime ankakonda kunena kuti anabereka ana awiri koma akulera atatu. Woyamba anali mkulu wake wa Mzime, wachiwiri Mzime mwini, wachitatu Njati. Ankawonjeza kuti mwa atatuwo, amene bambo anamusambitsapo ndi manja awo ndi Njati yekha.

Njati inali galimoto yaikulu, yaitali msinkhu, ya mateyala onenepa, zija zimalowa m'matope osayamba zafunsa. Inali itakalamba ndithu, koma bambo sankalola munthu kutchula zimenezo pafupi nayo.

Mzime anali mtsikana wa m'kalasi lomaliza ku sekondale. Dzina lake lenileni ankalitchula ndi aphunzitsi okha. Lamlungu masana bambo ankapita naye ku bwalo la mpira lopanda anthu kukamuphunzitsa kuyendetsa. Anali ndi dzanja labwino, ndipo tsoka lake linali lakuti ankadziwa zimenezo. Lamulo linali limodzi: pamsewu ayi, mpaka atapeza laisensi.

Munthu wina yekha wololedwa kugwira Njati anali amalume ake, mlongo wa amayi, makaniko wa kagalaja ka kuseri kwa masitolo. Amuna awiriwa anatha zaka osapatsana moni chifukwa cha mawu ena amene anatuluka pa msonkhano wa banja, mawu oti ngakhale eni akewo anali atayamba kuwaiwala. Inawayanjanitsa ndi Njati. Tsiku lina inakana kulira, amayi anaitana mlongo wawo mwakachetechete, ndipo injini italira bambo anachotsa kiyi wachiwiri pa kawaya n'kunena kuti, "Alamu, uyu azikhala kwa inu."

Kupepesana kwawo kunathera pomwepo. Amayi ankadziwa kuti ubale umenewu unali usanakhwime, ndipo ankausunga ngati dzira.

2. Ulendo wobisa

Sabata ya ukwati wa mkulu wake, nyumba yonse inali piringupiringu. Njati ndiyo inasankhidwa kudzanyamula akwati kuchoka kutchalitchi kupita ku holo. Pakati pa sabatayo akuchimuna anabwera ndi galimoto yawo n'kutenga bambo, amayi ndi mkwatibwi kukaona holoyo. Mzime anauzidwa kuti akwere minibasi akatenge diresi yake kwa telala.

Kiyi anali pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndipo pafupi ndi telalayo pankakhala atsikana awiri a m'kalasi mwake amene ankamuseka kuti amayendetsa galimoto pakamwa pokha. Zifukwa za Mzime zinali zomwezo, panalibe china.

Popita zonse zinayenda bwino. Analiza hutala pa geti ya anzakewo, iwo anatuluka kukamwa kuli yasa, ndipo mtima wa Mzime unakhuta. Koma pobwerera anakumana ndi mdipiti wa magalimoto pa msewu wodutsa kumsika. Dzuwa linali litalusa. Galimoto zinkasuntha pang'ono, n'kuima, n'kusunthanso.

Apo ndi pamene anaona kuti singano yoonetsa kutentha kwa injini yachoka pamalo pake. Inakwera pang'onopang'ono mpaka kugunda pofiira. Kenako ku boneti kunayamba kufuka nthunzi. Anakwanitsa kukhotera pambali, pafupi ndi bambo wina womata mateyala, n'kuzimitsa injini.

Womata mateyalayo anamuletsa kutsegula chotsekera cha ladiyeta injini ili yotentha, ati madziwo angamusupule nkhope. Anadikira nthawi yaitali. Itazizira anamuthandiza kuthira madzi a pampopi, n'kumulangiza kuti akauze eni galimoto tsiku lomwelo. Mzime anavomera ndi mutu, n'kubwerera kunyumba kudzera njira yakunja kwa tauni, yopanda mdipiti. Singano sinakwerenso.

Atatsegula boneti kunyumba, anapeza madzi obiriwira a mu ladiyeta atamwazika paliponse n'kuumira pomwepo. Mwana aliyense akanaona kuti injiniyi yawira. Anatenga sopo, ndowa ndi payipi, n'kuyamba kutsuka.

Pakati pa fani panali chitsulo chozungulira cha timizeremizere, chitamatidwa ndi fumbi lakuda lonona mafuta. Nsanza inalephera kulowa m'timizeremo. Mzime anathamangira kubafa n'kutenga mswachi wakale. Anakwecha kamzere kalikonse mpaka chitsulocho chinawala. Makolo akufika, anapeza kiyi pa msomali ndi mwana wawo akupukuta magalasi.

3. Funso la amalume

Kutatsala tsiku limodzi, bambo anapita ndi Njati ku galaja kuti alamu awo akaiyang'ane komaliza. Mzime anapita nawo, mtima uli m'mwamba.

Amalume anatsegula boneti. Anafunsa kuti watsuka injini ndani, ndipo bambo anayankha monyadira kuti ndi mwana wawo, mosatumidwa n'komwe. Kuyamikirako kunamuwawa Mzime kuposa mbama.

Amalume anayang'ana malamba ndi mapayipi. Anazunguza fani ndi dzanja, inayenda pang'ono n'kuima, ndipo anati injini ikakhala yozizira zimenezo sizinena zambiri. Anatsegula ladiyeta, n'kuviika chala, n'kuchiyang'ana kanthawi. Anaithamangitsa Njati pa msewu waukulu, singano ili phee. Atafunsa ngati inayamba yakwerapo, bambo analumbira kuti chiigulireni galimotoyo sanaionepo singanoyo ikusuntha. Sankanama. Iwo ankayendetsa m'mamawa, m'misewu yopanda anthu.

Foni ya bambo inalira, iwo anatuluka kukayankha. Amalume anamukodola Mzime.

"Bwera kuno, mwana wa mlongo wanga. Ukuchiona chitsulo wachiwalitsachi? Timachitcha kilatchi ya fani. M'kati mwake muli mafuta okhuthala. Injini ikakhala yozizira, chimaisiya fani kuti izingozungulira mwaulesi. Ikatentha, mafuta aja amagwira, fani n'kuyamba kukoka mphepo mwamphamvu kuti madzi a mu ladiyeta azizire. Mafutawo akatha kudontha, fani imazungulira ndithu, koma n'kungonamiza maso. Ukamathamanga sungadziwe kanthu, chifukwa mphepo yakutsogolo imaigwirira ntchito. Vuto limatulukira ukamayenda pang'onopang'ono, pa mdipiti kapena pokwera chitunda."

Anapukuta chala chawo pa ovolosi.

"Ndiye ine ndikatsegula boneti, ndimayamba ndaona fumbi. Fumbi limamatira pomwe padontha mafuta, ndipo limandiuza pomwe pakudwala. Lero ndapeza fumbi langa lonse lachotsedwa. Chatsala n'kufunsa munthu. Galimoto silankhula, Mzime, imadalira amene anali pa chiwongolero kuti ailankhulire. Munthu ameneyo akabisa, makaniko amakonza zomwe wauzidwa, ndipo tsiku lomwe galimotoyo idzafe panjira, anthu sadzafunsa kuti anabisa ndani. Adzafunsa kuti anaikonza ndani. Madzi amene ndinathira ine umu anali obiriwira. Awa ndi a pampopi. Sindikufunsa kumene unapita. Ndikufunsa chinthu chimodzi chokha: singano inakwera?"

Mzime anayang'ana nsapato zake. Panja bambo ankaseka pa foni, ndipo iye anakumbukira bwalo la mpira la Lamlungu.

"Sindikudziwa, amalume. Ine ndinangotsuka."

Bambo atalowa, amalume anapempha kuti Njati itsale mpaka madzulo, aisiye ikulira poima kuti aione itatentha bwino. Bambo anakana, ati okongoletsa galimoto akudikira ndi maluwa ndi maliboni awo. Anafunsa ngati papezeka vuto. Amalume anamuyang'ana Mzime, kenako anati sanapeze.

Akanatha kunena za madzi aja. Koma anali munthu wosakonda kuvula mwana pamaso pa kholo lake, ndipo anayesa kuti Mzime akafika kunyumba akaulula yekha. Apo amalume analakwitsa, ndipo analakwitsa chifukwa chomukhulupirira. Tsiku lonselo Mzime anayandikira bambo ake kangapo, koma ulendo uliwonse ankapezeka kuti akufunsa za mipando kapena za maluwa.

4. Pa chitunda

Loweruka Njati inatuluka itavala maliboni oyera, yokongola moti ukalamba unabisika. Bambo anayendetsa okha, atavala suti. Akwati anakhala kumbuyo, ndipo Mzime, monga woperekeza mkulu wake, anakhala kutsogolo pambali pa bambo. Kuchokera pamenepo singano ankaiona bwinobwino.

Aliyense amadziwa momwe galimoto za ukwati zimayendera. Sizithamanga. Zimafuna kuti tauni yonse ione, ndipo wojambula zithunzi amaziimitsa paliponse pomwe wakonda. Njati inali patsogolo, hutala ali pakamwa, galimoto za abale zili mndandanda pambuyo. Njira ya ku holo inali yokwera chitunda chachitali.

Asanafike n'komwe pakati pa chitundacho, singano inanyamuka. Mzime anaiona poyamba, koma pakamwa panalemera. Bambo ataiona anazimitsa mphepo yoziziritsa m'galimoto, n'kutsegula mawindo onse, n'kuyatsa hita mpaka kumapeto kuti ichotseko moto ku injini. M'galimoto munasanduka uvuni.

Mkwatibwi, amene anakhala m'mawa wonse akupakidwa kumaso, anayamba kusungunuka. Thukuta linatsika ndi utoto wa m'maso, n'kusiya mizere yakuda m'masaya. Mkwati ankamupepesa ndi kumukupiza ndi kapepala, iye mwini kolala itanyowa. Tsiku lina anthu adzaseka pokumbukira zimenezi, koma tsikulo panalibe woseka.

Hita sinathandize. Nthunzi inatuluka pansi pa maliboni, bambo anaima pambali, ndipo mdipiti wonse unaima nawo. Anthu anatsika m'magalimoto. Akuchimuna ankanong'onezana. Mkulu wake wa Mzime anatsika akulira, atanyamula diresi m'manja, n'kukakwera kagalimoto ka m'bale wina wa mkwati.

Amalume anafika akuthamanga kuchokera kumapeto kwa mndandanda, nawonso ali mu suti. Bambo sanawapatse mpata. Manyazi anali atawakwera kumutu, ndipo munthu wamanyazi amafuna pomwe angawatulire.

"Dzulo lomweli munati palibe vuto. Umakaniko wanu ndi umenewu? Mwandivula pamaso pa akuchimuna. Ndinalakwa ine kukukhulupiriraninso. Munthu sasintha, ndaona lero."

Mawu akuti "kukukhulupiriraninso" anafukula zakale zonse. Amayi anagwira pakamwa. Amalume anamuyang'ana Mzime kamodzi kokha, osati mokwiya, koma ngati munthu amene waima pakhomo kudikira kuti amutsegulire. Mzime anayang'ana kumbali.

Amalume anavula jekete, n'kupinda manja a shati yoyera. Anauza alamu awo kuti apitirire, ukwati usaime chifukwa cha chitsulo, iwo atsala ndi galimoto. Injini ili chizimire, analowetsa dzanja n'kukankha fani ndi chala chimodzi. Inazungulira, n'kuzungulira, n'kuzungulirabe, yopanda choigwira. Mzime anaona zimenezo akukwera galimoto ina.

5. Mpando wopanda munthu

Ku holo mkwatibwi anakonzedwanso kumaso, nyimbo zinayamba, ndipo anthu anaiwala msanga monga amachitira akaona chakudya. Koma pa tebulo lakutsogolo panali mpando umodzi wopanda munthu. Amalume ndiwo ankayenera kulankhula m'malo mwa banja la mkwatibwi.

Woyendetsa mwambo anawaitana pa chimkuzamawu, n'kuitananso. Kenako anaseka n'kunena kuti mwina akadali pansi pa galimoto, ndipo holo yonse inaseka naye. Amayi sanaseke. Anakhala chowerama, mbale yawo osaikhudza.

Mzime ankamva anthu akufunsana dzina la galaja ija kuti asadzapiteko. Mayi wina wa kuchimuna anati makaniko achibale ndi choncho, amagwira ntchito mwamwambo chabe. Mzime anasiya anzake operekeza akuvina n'kutuluka.

Anapeza bambo ake panja, ataima pa khonde la holo, akumasula tayi.

"Bambo, si amalume. Ndine."

Anafotokoza zonse: kiyi wa pa msomali, anzake aja, mdipiti wa kumsika, madzi a pampopi, mswachi. Ananenanso za funso la amalume ku galaja ndi yankho lomwe anawapatsa. Bambo anamvetsera osamudula.

"Kutenga galimoto ndi mlandu," anatero bambo, "koma ndi mlandu waung'ono. Ukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanakalipa, mwina n'kukuletsa chiwongolero kwa kanthawi, basi. Kilatchiyo sunaiwononge ndiwe, inatha yokha ndi ukalamba. Iwe ndiwe unali ndi mwayi woiona ikudwala tonsefe tisanadziwe, ndipo ukanatipulumutsa. M'malo mwake unatenga mswachi. Ukatsuka pomwe walakwa, mwana wanga, litsirolo silisowa, limangosamukira pa munthu wina. Lero lakatera pa shati ya amalume ako. Munthu uja amadya chifukwa anthu amakhulupirira dzanja lake, ndipo ine ndalinyoza dzanjalo pamsewu, anthu akumva. Iye amadziwa zonse, koma anasankha kutukwanidwa kuti iwe usachite manyazi. Pakamwa potukwana panali panga, zimenezo ndisenza ndekha. Koma unaima pambali panga uli ndi mawu oti akananditseka pakamwa, ndipo unawasunga."

Mzime analira, kulira kwenikweni kopanda kuyang'ana ngati wina akuona. Bambo sanamutonthoze, komanso sanamusiye. Analowa m'holo, ananong'oneza amayi, n'kubwereka galimoto ya mnzawo.

6. Makiyi awiri

Pa chitunda paja bambo ndi Mzime anapeza dothi lonyowa ndi liboni limodzi lokha. Anayimba foni ya amalume, inali yozimitsa. Anadzera ku galaja, anapeza loko pa geti. Dzuwa likupendeka, anafika kunyumba.

Njati inali pabwalo, itaimikidwa bwino pamalo pake. Mayi woyandikana nawo nyumba anatulukira pa mpanda n'kufotokoza kuti amalume anaibweretsa itazizira, anagwada pa boneti kanthawi ndi masipanala, kenako anachoka wapansi, jekete lili paphewa, shati yonse ili mafuta okhaokha. Anasiya uthenga wakuti injini yapulumuka, chofunika ndi kilatchi yatsopano, ndipo makaniko aliyense angathe kuimanga.

"Makaniko aliyense," bambo anabwereza motsitsa.

Anatsegula chitseko cha Njati. Pa mpando wa woyendetsa panali nyuzipepala yoyalidwa, ndipo pamwamba pake panali kilatchi yakale ija. Kumaso kwake kunkawalabe ndi ntchito ya Mzime. Bambo anaitembenuza. Kumbuyo, komwe mswachi sunafike, kunali bii, fumbi ndi mafuta zitaumbana. Anamupatsa Mzime kuti aigwire, ndipo mafutawo anadetsa manja ake ndi diresi ya ukwati.

Pambali pa kilatchiyo panali makiyi awiri. Woyamba anali wa bambo, amene anausiya pa chitunda. Wachiwiri anali uja wa kwa alamu awo.

Bambo anautola n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatambasula chikhato cha Mzime chodetsedwacho n'kuikamo kiyiyo.

"Ine ndikapita tsopano sanditsegulira, ndipo sindingawadandaule. Mawa upite wekha kunyumba kwawo. Ukawauze zomwe wandiuza ine, osachotsapo kanthu. Ukatero uwapatse kiyiyu. Akalandira, ndibwera pambuyo pako kudzanena zanga."

"Nanga akakana, bambo?"

Bambo anatseka chitseko cha Njati pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula maliboni.